Majombo a Desmond Raine

Chaka chomwe anatentha ng'ombe m'chigwa chathu, Desmond Raine anali atangopuma ntchito yoyendetsa basi. Ankakhala yekha m'tauni chimwalirire mkazi wake, ndipo chomwe chinkamutulutsa m'nyumba chinali ulendo wake wa Loweruka. Ankakwera basi yam'mawa mpaka pomwe msewu umathera, n'kuyenda wapansi kudutsa phiri, kukatsikira ku Askerby komwe anabadwira. Kumeneko kunalibenso m'bale wake aliyense, koma kunali bala ya Glenys Airey. Desmond ankakonda kunena kuti mowa wa Glenys sungaumve kukoma ngati miyendo sinauvutikire.

M'sabata imeneyo, chakumapeto kwa February, wailesi inalengeza kuti pamalo ena ophera nkhumba kum'mwera papezeka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Anapempha anthu kuti ayambe asiya kuyenda m'malo odyetsera ziweto. Desmond anazimva akukazinga dzira, koma kum'mwera n'kutali, komanso njira zinali zisanatsekedwe. Anamanga zingwe za majombo ake, n'kutenga ndodo ndi chikwama.

Njira ya oyenda pansi imadutsa pakati penipeni pa bwalo la famu ya Harold Dargue, khola mbali iyi, nyumba mbali iyo. Yakhala ikudutsa pamenepo kuyambira kalekale ndipo eni ake anazolowera. Desmond atatsegula geti, chomwe chinamudabwitsa chinali bata. Nthawi ngati imeneyo ng'ombe zimakhala zikukankhana pa udzu, zikugunda zitsulo. Tsikulo udzu unali uli mulu m'modyera, wosakhudzidwa. M'kholamo munkangomveka kaphokoso kamodzi, ngati anthu ambiri akunyambita milomo nthawi imodzi. Ng'ombe ina inali itatulutsa mutu pamwamba pa geti, dovu likulendewera ngati zingwe mpaka pansi. Inkanyamula mwendo uwu n'kuutsitsa, kunyamula winawo n'kuutsitsa, ngati yaima pa makala.

Ali m'kati moiyang'ana, Desmond anaponda pomwe ndowe za m'kholamo zimatsetserekera, ndipo majombo onse awiri analowa mpaka mu akakolo. Anatukwana chapansipansi, n'kudzizula. Kuseri kwa nyumba kunali galimoto yomwe sankaidziwa, ndipo munthu wina ankavala ovolosi yoyera atamufulatira. Pawindo la kukhitchini panaima Enid, mkazi wa Dargue. Anagogoda galasi mwamphamvu, akukupiza dzanja, pakamwa pakuyankhula zomwe Desmond sanazimve. Iye anayesa kuti ndi moni. Anakweza ndodo, natseka geti bwinobwino, n'kuyamba kukwera phiri.

Pamwamba panali mphepo yobaya, ndipo m'mbali mwa mipanda ya miyala munali mudakali chipale chofewa chakudakuda. Sanakumane ndi munthu aliyense. Loweruka lililonse pamenepo sipasowa awiri atatu a zikwama kumsana, koma tsikulo anayenda yekha ndi akhwangwala. Ng'ombe ija inkangomubwerera m'maganizo. Iye anakulira pafupi ndi ziweto, koma anachoka ku Askerby ali mnyamata, ndipo za ng'ombe anangotsala ndi zodziwa kuti zimadwala n'kuchira ngati anthu.

Potsika, njirayo imalowa m'malo a Wilf Nattrass, mnzake yemwe anakhala naye benchi limodzi ku pulayimale. Wilf ankaweta ng'ombe zofiira zomwe anaziyamba ndi agogo ake, ndipo iliyonse ankaidziwa dzina, mayi wake ndi khalidwe lake. Desmond anadutsa pakati pa nkhosa zabere zomwe zinangomupatukira pang'ono, mpaka anafika pa mpanda womaliza. Pamenepo pali chimwala chogoba chomwe ziweto zimamweramo, madzi ake ochokera pa kasupe. Ndi pomwe ankatsukira majombo nthawi zonse, chifukwa Glenys sankafuna matope m'bala mwake. Anaswa madzi oundana apamwamba ndi ndodo, n'kuviika jombo imodzi, kenako inayo, akukwecha ndi udzu mpaka madzi anada. Matole a Wilf anamutsatira monga amachitira ana a ng'ombe, limodzi likumunyambita mkono wa jekete. Pomwe iye ankakwera mpanda, matolewo anali atamiza kale milomo m'madzimo.

Pakhomo pa bala panali magalimoto ambiri kuposa masiku onse, ndipo onse anali a alimi. Desmond anaganiza kuti mwina kuli maliro. Atakankha chitseko, anthu anatembenuka pamodzi, ndipo ataona kuti ndi iye, anabwezera maso m'matambula. Moto wa malasha unkayaka bwino. Kanema anali wozimitsa, ndipo foni ya m'nyumbamo, yomwe imakhala kukhonde, anali ataikokera pa kauntala, chingwe chake chitadutsa pakati pa chipinda.

"Mwabwera ndithu, a Desmond," anatero Glenys. "Ndimati lero simubwera."

Sanamufunse zomwe akufuna. Anatenga tambula n'kukoka mkono wa mpope wa mowa pang'onopang'ono, kawiri, n'kuiika pambali kuti mowa ukhazikike. Anamuuza kuti mgolowo wagona m'chipinda chapansi chiyambire Lachitatu ndipo wautsegula m'mawa womwewo. Desmond anauonerera ukuyera kuchokera pansi, chifunga chikukwera mpaka kusanduka thovu lopyapyala pamwamba. Glenys anawonjezera pang'ono, n'kumupatsa. Unali wozizira pang'ono chabe, wowawira kumapeto kwa lilime, ndipo anaumva ukutsika mpaka m'mawondo. Anaitanitsanso buledi, tchizi ndi anyezi, n'kukakhala pafupi ndi moto pomwe panali Wilf.

"Tamuonani woyendetsa basi," anatero Wilf osaseka. "Moyo wonse kunyamula anthu, wapuma ntchito ndiye wadziwa kuti ali ndi miyendo."

"Iweyo miyendo yako inathera pa thirakitala."

Wilf anangoti hm. Masiku ena akanapitiriza mpaka bala yonse kuseka, koma anali akuzunguza tambula yake pa tebulo, mowa uli theka, thovu litaumira m'mbali. Desmond anamvetsera zomwe anthu ankakambirana ndi mawu otsika. Ankatchula msika wa ziweto wa sabata yapitayo: ndani anagula nkhosa, ndani anangopita kukaona, lole ya yani inanyamula za yani. Clive Bellas, mlimi wamtali yemwe anali atangotenga famu ya bambo ake, ankalimbikira kuti iye sanatsike n'komwe m'galimoto tsiku limenelo. Palibe anamutsutsa, koma iye ankabwerezabe. Wina anati matendawa amayenda ndi mphepo. Wina anati amayenda ndi mateyala, agalu, ngakhale mphuno za munthu. Mkulu wina wa pakona, yemwe anaona mliri wakale ali mnyamata, ankangoyang'ana moto.

Desmond anafunsa Wilf kuti onsewa akudikira chiyani. Wilf anati dokotala wa ziweto waitanidwa kwinakwake m'mawa, ndipo sakudziwa kuti ndi kwa yani. Mkazi wa dokotalayo analonjeza Glenys kuti akamva chilichonse aimba.

Desmond anaika buledi wake pansi. Anayang'ana majombo ake, akutuluka nthunzi pafupi ndi moto, ndipo anawakokera kunsi kwa mpando.

Foni inalira iye asanaganize choti anene. Glenys anapukuta manja pa epuloni, n'kuinyamula. Anamvetsera nthawi yaitali atayang'ana pansi, akungovomera. Ataibwezera, anakhala kaye dzanja lili pomwepo.

"Ndi kwa a Dargue," anatero. "Matenda aja. Zotsatira za kuyeza sizinabwere, koma akuti n'zosakayikitsa. Atseka famu yonse."

Palibe anafuula. Wina anapumira m'mwamba, ndipo ena anayamba kuwerengetsera mumtima mipanda yomwe ili pakati pa Dargue ndi iwo. Clive Bellas anati bola n'kuseri kwa phiri, mwina phirilo litchinga. Anthu angapo anagwedeza mitu, chifukwa aliyense ankafuna zitakhala choncho. Ndi mkulu wa pakona uja yemwe anatembenuza mpando wake pang'onopang'ono mpaka kuyang'anizana ndi Desmond.

"A Raine, lero mwadzera njira iti?"

Panali njira ina yomwe akanatha kuitchula, ya kumtsinje, yomwe sidutsa pa famu iliyonse, ndipo palibe akanamutsutsa pamenepo. Desmond anaiganizira. Koma anakumbukira Enid Dargue pawindo, ndipo ananena zoona: wadzera ya masiku onse. Anamufunsa ngati analowa pabwalo. Anavomera. Anamufunsa ngati anaona ng'ombe, ndipo anafotokoza za dovu ndi miyendo, mawu ake akumveka kwambiri m'chipinda chachetecho. Clive Bellas anadzuka n'kukaima pachitseko, osanena kuti akutchinga, koma aliyense anaona pomwe waima.

Wilf anakankhira tambula yake pambali. Anawerama n'kusuzumira kunsi kwa mpando wa Desmond, ndipo anayang'ana nthawi yaitali.

"Wadutsa m'ndowe za Dargue," anatero. "Nanga majombo akowa ayera bwanji?"

"Ndatsuka."

"Watsukira kuti?"

Koma Wilf anadziwa yekha yankho, chifukwa anali atamuonapo kambirimbiri atawerama pa chimwala chija. Nkhope yake siinasinthe kwenikweni. Anangofunsa ngati matole anali pafupi, ndipo Desmond anati anali pafupi. Wilf anadzuka atagwirira tebulo, n'kuvala chipewa. Desmond anadzukanso, akuti apite naye akathandize kukhuthula madziwo.

"Khala pansi," anatero Wilf. "Usapondenso pakhomo panga. Usaponde paliponse."

Clive anamupatukira Wilf, n'kubwerera pomwe anaima. Onse anamva galimoto ya Wilf ikulira panja, ikukwera kamsewu ka kufamu mothamanga kuposa momwe Wilf ankayendetsera.

Apa ndi pomwe Desmond anachita mantha. Awa anali anthu omwe ankawadziwa, ena anawanyamulapo m'basi ali ana asukulu, koma ankamuyang'ana ngati momwe alimi amayang'anira galu yemwe wapezeka ndi ubweya wa nkhosa m'mano. Clive anayamba kuyankhula, poyamba motsika. Anati wailesi yakhala ikunena sabata yonse. Anati anthu a m'tauni amabwera kudzasangalala ndi mapiri, akatopa n'kukwera basi, pomwe ena akhala pano mpaka kufa. Anafunsa ngati tambula imodzi ya mowa ndi yofunika kuposa ng'ombe za munthu. Akuyankhula, ankasendera, ndipo alimi awiri omwe anali pa kauntala anaimirira, sizinadziwike ngati ankafuna kumugwira Clive kapena kumuthandiza.

"Clive," anatero Glenys. "M'nyumba mwanga muno simumenyedwa munthu. Ngati manja akukuyabwa, katenge ndowa ndi mankhwala kuseriko."

Clive anaima kanthawi akupuma mwamphamvu, kenako anapita.

Glenys analamula zonse, ndipo anthu anamvera chifukwa zinali bwino kukhala ndi chochita. Desmond anavula majombo ali pampando, ndipo Clive anawanyamula ndi mbaniro ya malasha n'kuwamiza m'ndowa. Anamutengera kuchipinda chochapira zovala komwe anavula zonse, jekete, buluku, masokosi, n'kuziika m'thumba la pulasitiki limodzi ndi chikwama. Ndodo anaithyola n'kuiponya pamoto. Anasamba m'manja ndi kumaso ndi madzi onunkha mankhwala mpaka maso anafiira. Glenys anamubweretsera zovala za malemu mwamuna wake, zomwe zinamukulira, ndi nsapato zam'nyumba. Atatuluka, anapeza akukolopa pansi kuyambira pakhomo mpaka pamoto, ndipo mpando womwe anakhalira anali atautulutsa panja. Alimi ankatuluka mmodzimmodzi, aliyense akuviika mapazi m'beseni pakhomo, osayang'ana mnzake. Zinali zitawafikira kuti nawonso aponda pomwe iye anaponda, ndipo akupita ku ziweto zawo.

Glenys anatseka bala dzuwa likadali m'mwamba, n'kumutengera Desmond kutauni pa galimoto yake. Pa mageti a mafamu anthu anali atayamba kale kuyala udzu n'kuthirapo mankhwala. Atadutsa kunsi kwa malo a Wilf, anamuona patali ali pa chimwala chija ndi ndowa, akutunga n'kutaya, kutunga n'kutaya, matole atawatsekera mbali ina. Sanadzutse mutu. Desmond anauza Glenys kuti Enid anagogoda pawindo ndipo iye anayesa kuti ndi moni. Glenys anangoti aliyense akanatha kuyesa choncho, koma anazinena maso ali pa msewu.

Ng'ombe za Dargue anaziwombera m'sabata yomweyo. Njira zonse za m'mapiri zinatsekedwa, ndipo pa mpanda uliwonse panapachikidwa chikwangwani chofiira. Desmond ankakhala m'nyumba, wailesi ili chiyatsire, kumvetsera mayina a mafamu omwe ankalengeza madzulo aliwonse. Sabata yoyamba inatha dzina la Nattrass lisanamveke. Yachiwiri inayamba, ndipo iye anayamba kudya bwino. Kenako tsiku lina analimva, pakati pa mayina ena awiri a ku Askerby, ndipo wolengezayo analitchula molakwika.

Anaimba foni kwa Wilf. Anayankha ndi mkazi wake, Doreen, yemwe ananena mwaulemu kuti Wilf sakuyankhula ndi aliyense, ngakhale ana ake. Kumbuyo kwa mawu ake Desmond ankamva kulira kwa makina okumba. Doreen anati asilikali odzathandiza kupha ziweto afika, ndipo ayenera kudula foni.

Pofika nthawi yomwe nkhosa zimaswa, m'chigwa chonse munalibe chiweto. Za Clive Bellas zinaphedwa zisanadwale, chifukwa chongokhala moyandikana. Mphepo ikachokera kuphiri, utsi unkafika mpaka m'tauni, ndipo fungo lake linkalowa m'makatani ndi m'zovala zoyanika panja. Anthu a m'tauni ankadandaula m'masitolo. Desmond ankatseka mawindo, koma nthawi zina ankapezeka ataima pakhonde akuyang'ana mizere yakuda ikukwera kuseri kwa phiri, akuyesa kudziwa kuti uwu ndi wa yani.

Momwe matendawo anawolokera phiri, palibe anadziwa. Madokotala anatchula nkhosa za kumsika, anatchula lole ya mkaka yomwe inkayenda famu ndi famu, anatchulanso mphepo. Munthu wa boma anabwera kwa Desmond kudzamufunsa za ulendo uja, n'kumuuza kuti n'zotheka, komanso n'zotheka kuti ayi, chifukwa famu ina ya kumtunda, komwe iye sanapondeko, inadwala tsiku lomwelo ndi ya Wilf. Ku Askerby nkhaniyo inagawa anthu. Ena ankati musiyeni mkuluyo, akanatha kunama koma ananena zoona. Ena mpaka lero akafuna kutchula chaka chimenecho amatchula dzina lake.

Njira zitatsegulidwa chakumapeto kwa chaka, Desmond anapita ku Askerby, koma anayenda mumsewu wa tala wokhawokha. Udzu m'minda unali utatalika mpaka m'mawondo n'kugwa wokha, mageti ali chitsegukire. Asanafike m'mudzi, galimoto inaima pambali pake. Anali Wilf, atawonda, atavala jekete ya kampani ina yomwe anali atayamba kuinyamulira katundu. Anatsitsa galasi koma injini sanazimitse. Anafunsana za thanzi. Wilf anati boma lamulola kugulanso ng'ombe chaka chamawa, koma sakudziwa kuti angagule za yani.

"Akuti inali lole ya mkaka," anatero kenako. "Doreen amakhulupirira zimenezo. Amati ndizikhulupirira nanenso."

"Nanga iwe?"

Wilf anayang'ana kutsogolo, zala zikugogoda chiwongolero.

"Yoyamba kudwala inali thole," anatero. "Matole sayandikira lole ya mkaka."

Anadikira ngati akufuna kuwonjezera zina, koma kumbuyo kunabwera galimoto ina yomwe inalibe podutsira. Anakweza galasi n'kupita.

Desmond anaima m'mbali mwa msewu mpaka magalimoto onse awiri anazimiririka. Denga la bala linkaoneka pambuyo pa mitengo, utsi ukutuluka m'chumuni. Anawoloka msewu n'kukhala pa mpanda kudikira basi yobwerera kutauni. Chaka chotsatira Wilf anagulitsa famuyo kwa anthu omwe anasandutsa khola kukhala nyumba zogona alendo, ndipo iye ndi Doreen anasamukira kwa mwana wawo wamkazi ku Scotland. Desmond anamva zimenezi kwa dalaivala mnzake wakale, miyezi itapita kale.